Paipi ya Turubo pa Chitunda cha ku Zobwe

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula m'zaka zimene malasha anatenthetsa mitu ya anthu ku Moatize. Ndisanagwire chiwongolero ndinali woumba njerwa ku Bagamoyo, ngati bambo anga. Eni mgodi wa malasha atatisamutsa kuti akumbe pamene panali mauvuni athu, tinapatsidwa nyumba kudera latsopano la 25 de Setembro, ndipo dothi loumbira tinalisiya kumbuyo. Ndinaphunzira kuyendetsa, ndinalembedwa pa kampani ina yaing'ono yonyamula antchito a kumgodi, ndipo patapita zaka zingapo ndinagula galimoto ya dizilo kwa mkulu wina amene ankabwerera kwawo kumwera.

Inali nkhalamba. Kale inali yoyera, koma fumbi la malasha linali litailowa mpaka m'khungu. Kowerengera mtunda kanali kataima kalekale, moti palibe ankadziwa kuti yayenda dziko lalikulu bwanji. Koma ikalira, inkalira bwino, ndipo ukaiponda pachitunda unkamva kamluzu ka turubo, kachipangizo kaja kamene kamakankhira mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu.

Chimene chinkandinyansa chinali chimodzi. Ukatsegula kapo, chivundikiro cha injini, mapaipi akuluakulu a mphira ochoka ku turubo ankakhala onyowa ndi oliyo wakuda, makamaka m'malumikiziro. Fumbi linkamatirira pamenepo n'kupanga phala. Ine ndine munthu wokonda zaukhondo, choncho Loweruka lililonse ndinkatenga kansanza ndi sopo waufa n'kupukuta mpaka mphira kuwala.

Tsiku lina ndinafunsa mesitiri wa pa ofisina yokonzerapo magalimoto ya pafupi ndi kwathu, mkulu wa imvi amene anakonzapo magalimoto a kampani ya njanji kale. Anamasula paipi imodzi, n'kupisamo chala, n'kundionetsa.

"Aka n'kathukuta chabe," anatero. "Injini ikakalamba imapuma nthunzi ya oliyo, nthunziyo imadutsa mu turubo n'kumatira m'mapaipi. Usaope. Udzaope tsiku limene udzathire m'kapu n'kudzaza. Koma paipi iyi yapansiyi yafewa, oliyo waidya. Ubwere nayo tiisinthe."

Ndinavomera, koma sindinapite. Sabata imeneyo kunali ntchito, yotsatira kunali ukwati, kenako ndinaiwala. Galimoto inkayenda, ine n'kumapukuta.

Mkazi wanga ndi wa ku Zobwe, kumapiri a kumalire. Bambo ake anamwalira ine ndisanafike pakhomopo. Amayi ake, apongozi anga, ndi mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi, munthu wamfupi, wa tchalitchi cha Katolika, wosunga mwambo mpaka tsitsi. Zaka zisanu za ukwati wanga zinatha ine ndi iwo tisanayang'anizane m'maso. Tikakumana panjira, ankapatukira kutchire n'kugwada atatembenuka, ine n'kunjuta chapatali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo: "Uwauze abambo kuti madzi osamba afunda." Ine ndinkayankhanso kudzera mwa mkazi wanga: "Uwathokoze amayi." M'galimoto ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa mpando wanga, pamene ngakhale kalilole sakanatha kuwaona.

Sindinkadandaula nazo. Ndinkati ndi ulemu. Koma kunena zoona, sindinkawadziwa n'komwe. Mawu awo ndinkawamva ngati wailesi ya m'nyumba ya eni.

Mwana wathu wachiwiri anabadwa mochita kung'amba, ndipo apongozi anatsika kudzasamalira mwana wawo. Anakhala nafe mwezi ndi theka, nthawi yotentha ija imene ku Moatize ngakhale khoma limawotcha. Sankadandaula pamaso panga, koma ndinkawamva akuuza mkazi wanga kuti zovala akayanika zoyera amaanula zotuwa, ndi kuti mbatata yawo ikuwolera m'nthaka. Mitambo itayamba kusonkhana cha kum'mawa, anati basi, apite.

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, ndi amene anayenera kubwera kudzawatenga, koma anatumiza uthenga kuti ng'ombe yake yadwala. Mkazi wanga sakanatha kukhala m'galimoto ulendo wonsewo ndi bala. Apongozi anati akwera chapa, minibasi zathu zija, koma katundu anali wambiri: thumba la mchere, nsomba zouma za mu Zambezi, ndowa ziwiri, ndi mtolo wa zovala womangidwa ndi mphira za chubu cha njinga.

"Muwaperekeze ndinu," anatero mkazi wanga. "Simudyana."

Tinanyamuka m'mawa dzuwa lisanakwiye. Iwo anakhala pamalo pawo pa nthawi zonse. Tinadutsa mphambano ya ku Cateme osalankhula. Ndinatsegula wailesi, ndinaona ngati nyimbo yake njopanda ulemu, ndinatseka. Ndinatsokomola. Kumbuyoko ndinkangomva timikanda ta kolona tikugundana.

Titapitirira Mussacama msewu unayamba kukwera. Kutsogolo kwanga kunali chilole chodzaza, chikukwawa ngati kamba, utsi wake ukulowa m'mazenera. Nditaona kuti kutsogolo kuli mbee, ndinatuluka n'kuponda mafuta mpaka pansi. Turubo inaimba mluzu wake, galimoto inalumpha, ndinachipitirira chilolecho. Ndikubwerera kumbali yanga ndinangomva kuti phuu! Kenako fwiiii, ngati tayala likuphwa. Mphamvu yonse inathera pomwepo. Pakalilole ndinaona utsi wakuda bii ukutsatira. Ndinaikokera pambali, pansi pa mtengo wa msuku, n'kuzimitsa.

Nditatsegula kapo mtima unagwa. Mbali yonse ya kumanja kwa injini inali itawazidwa oliyo, timadontho takuda mpaka kuchivundikiro. Ndinakumbukira mawu a mesitiri onena za kapu yodzaza, ndipo ndinati basi, turubo yafa. Ndinamuimbira foni, koma pamalopo panalibe netiweki. Ndinakwera pachulu, ndinakweza foni m'mwamba, osatheka.

Apongozi anali atatsika. Anayala chitenje pamwala, chapatali pang'ono, n'kukhala atandifulatira, akuyang'ana kuchigwa.

Dalaivala wa chilole chija anaima kutsogolo n'kubwera akupukuta thukuta. Anasuzumira mu injini kamodzi kokha.

"Achimwene, turubo iyi yatha," anatero. "Musayerekeze kuliza. Ikayamba kumwa oliyo wake, injini imathamanga yokha, ngakhale muchotse kiyi siizima mpaka itaphulika. Ndinaziona ndi maso angawa. Funani chokukokani."

Anandigwira paphewa n'kumapita. Ndinatsala nditagwira m'chiuno. Kubwerera ku Moatize kunali kutali, ku Zobwe kunali kusanayandikire, ndipo dzuwa linali litayamba kuluma. Chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali galimoto ayi, koma manyazi. Tsiku loyamba kupatsidwa apongozi m'manja, n'kuwakhazika pamwala.

Ndiye ndinamva mawu a apongozi. Sankalankhula ndi ine, ankalankhula ndi chigwa.

"Utsi uja unali wakuda."

Ndinatembenukira komwe anakhala.

"Injini ikamadya oliyo, utsi umatuwa, ndipo umanunkha ngati chiwaya chopserera," anapitiriza, akadayang'anabe kutsidya. "Wakuda ndi wa injini yobanika. Yalandira mafuta, mpweya ayi."

Ndinachotsa chipewa. "Amayi," ndinatero, "mwati bwanji?"

Kenako anadzuka, anakutumula chitenje chija n'kuchimanga m'chiuno, n'kubwera. Sanandiyang'ane. Anaima mbali ina ya injini, ine mbali ina, maso athu tonse ali pa zitsulo.

"Tasololani kachitsulo koyezera oliyo, bambo."

Ndinasolola, ndinapukuta, ndinabwezera, ndinasololanso. Oliyo anali pamzere wake wa nthawi zonse.

"Ndiye wamwedwa uti?" anafunsa. "Wawazikayu sangadzaze ndi chikhatho chomwe. Oliyo ali ngati magazi, pang'ono pokha amaoneka ambiri. Lizani."

"Amayi, dalaivala uja wanena kuti..."

"Ndamumva. Ikayamba misala muitseka pakamwa ndi chitenje ichi, izima. Lizani."

Ndinaliza. Injini inadzuka bwinobwino, ikungogunda mwa masiku onse. Apongozi anathyola kaudzu kouma, kaja kokhala ndi ngayaye kunsonga, n'kuyamba kukayendetsa m'mbali mwa mapaipi, pang'onopang'ono, ngati akufufuza nsabwe m'mutu mwa mwana. Anandikodola ndi dzanja kuti ndiponde mafuta. Ndinaponda. Fwiii. Anatsitsa kaudzu kunsi kwa paipi yapansi ija, ndipo kanavina mpaka kuthyoka.

"Zimitsani. Bwerani mudzaone."

Ndinagwada n'kupisa dzanja. Kunsi kwa paipi, pafupi ndi kalamba kachitsulo komangira, mphira inali itang'ambika kutalika ngati chala changa. Inali yofewa ngati nthochi yakupsa. Inali paipi yomwe ija mesitiri anandiuza.

"Amayi, zimenezi munazidziwira kuti?"

"Malemu amuna anga anali ndi chigayo," anatero. "Atayamba kudwala, ndinachiyendetsa ndine zaka zisanu ndi zitatu. Mwana wanga sanakuuzeni? Anali wamng'ono, amangodziwa kudya. Chinthu mukuchitchula kuti turubochi ine sindichidziwa, chigayo chathu chinalibe. Koma utsi ndimaudziwa."

Tinamasula paipiyo. Ndinaipendeketsa kuti zam'kati zituluke, mtima uli m'mwamba, ndipo munatuluka oliyo wosakwana supuni ziwiri. Apongozi anamasula mtolo wawo wa zovala, zovalazo n'kuzikhuthulira pampando, n'kutenga mphira za chubu zija. Anatulutsanso sopo wawo wochapira ndi botolo la madzi akumwa. Anatsuka paipiyo, anaikwecha ndi mchenga kuti isaterere, n'kuiyanika pamwala. Itauma, ine ndinagwira mbali ziwiri, iwo n'kumakulunga mphira, akukoka ndi mphamvu imene sindinkaganiza kuti ili m'mikono yaifupi ija. Pamwamba tinamangapo waya amene ndinadula ku chogwirira cha ndowa yawo. Manja athu anagundana kangapo. Palibe anathawa.

Tinabwezera, ndinaliza, fwii uja kunalibe. Iwo anabwerera kumpando wawo wakumbuyo. Ine chimwemwe chinandipitirira. Galimoto itayamba kukoka, ndinaiwala kuti paipi yamangidwa ndi chubu cha njinga, ndipo pa chitunda chotsatira ndinaponda ngati kale. Sitinayende ngakhale mtunda woti munthu n'kutopa wapansi. Phuu!

Ndinaima. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, osayerekeza kutembenuka. Kenako ndinamva kaphokoso, ndinayesa akulira. Ankaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, akudzigwira pakamwa ndi mpango.

"Bambo inu," anatero akupukuta misozi, "munthu womangidwa bala amathamanga?"

Nanenso ndinaseka, ndipo m'pamene ndinawayang'ana kumaso koyamba. Anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, kofanana ndendende ndi ka mwana wanga wamkazi woyamba. Zaka zonsezo ndinkadabwa kuti mwanayo anakatengera kuti.

Tinayambiranso. Ulendo uno tinakulunga mphira kawiri, ndipo pansi pake anaikapo kachidutswa ka chikopa kamene anadula ku lamba wa chikwama chawo. Titamaliza, sanapite kumbuyo. Anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala pambali panga.

"Kumbuyo sindikumva bwino," anatero. "Tiyeni. Ndikati leka, muzileka."

Tinakwera mapiri a ku Zobwe ngati tanyamula mazira. Turubo ikangoyamba kamluzu, iwo ankakweza chala, ine n'kuchotsa phazi. Malole amene ndinkawapitirira masiku onse anatipitirira, ena akuimba hutala. Njinga yamoto yonyamula mbuzi inatipitiriranso, mbuziyo ikutiyang'ana.

Ndipo analankhula. Zinali ngati mtsuko umene unatsekedwa zaka zisanu wautsegula. Anandiuza za chigayo, mmene ankadzukira kukapukusa injini ndi chogwirira m'nyengo yozizira, amuna a m'mudzi ataima poteropo kudikira kuti alephere. Anandiuza mmene lamba wa chigayo anadukira n'kuwamenya paphewa, n'kundionetsa chipsera. Anandiuza kuti amuna awo atamwalira abale a mwamunayo anabwera ndi ngolo n'kuchinyamula, ndipo iwo sanakane, anangopempha kuti awasiyire sipanala imodzi. Ananena zimenezi mopanda mkwiyo.

"Ine ndinkakuonani Loweruka lililonse mukupukuta mapaipi aja," anatero. "Ndinkasuzumira pazenera. Ndinkafuna kunena, koma ndikanayambira pati?"

"Mukanati chiyani, amayi?"

"Ndikanati musamapukute musanayang'ane. Pamene panyowa kwambiri m'pamene pakufuna kuboola. Inu mumafufuta chizindikiro n'kumakondwa kuti kwayera."

Ndinavomera kuti mesitiri anandichenjeza ndipo sindinamvere. Anagwedeza mutu.

"Mwana wanga anandiuza kuti ndinu munthu wabwino koma wozengereza. Ndinati bola ameneyo. Wopupuluma ndiye amaswa zinthu." Kenako anati, "Lero mwachita zonse ziwiri."

Anandifunsanso za ku Bagamoyo, funso limene palibe wa kubanja la mkazi wanga anali atandifunsapo. Ndinawauza za mauvuni a bambo anga, za mtengo wa bwemba umene unali pakhomo pathu, ndi mmene bambo ankakhalira pakhonde la nyumba yatsopano manja ali pamaondo, osadziwa chochita nawo. Apongozi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati dothi la kumunda kwawo kumunsi n'lamakande, ndipo ngati bambo angafune, abwere adzaone ngati lingaumbike.

Tinafika ku Zobwe dzuwa litapendeka, kamphepo kozizira kakutsika m'phiri. Galimoto italowa pabwalo, anthu anatuluka. Akulu awo a apongozi, mayi wamtali woopedwa pamudzipo, anaima pakhomo n'kugwira pakamwa. Mng'ono wawo anali pampando wakutsogolo, pambali pa mkamwini, manja akuda mpaka m'zigongono, mpango uli ndi oliyo.

"Kodi mwambo unathera ku Moatize?" anafunsa.

"Mwambo ulipo, akulu," anayankha apongozi akutsika. "Koma ukanatigoneka panjira. Awa ndi mwana wanga. Tawapatsani madzi asambe m'manja."

Madzulo amenewo anapha nkhuku. Anaitana akulu awo aja ndi atsibweni a mkazi wanga, n'kunena pamaso pawo kuti kuyambira tsikulo iwo ndi ine sitidzathawananso, popeza ndawapatsa zidzukulu ziwiri ndipo tagwira ntchito imodzi. Atsibweni anang'ung'udza pang'ono kuti zinthu zotere zimayenera kukonzedwa bwino, osati kuyambira pamsewu, koma chiwindi cha nkhuku chitafika m'mbale mwawo anavomera. Tinadyera pakhonde limodzi. Apongozi anadya pang'ono, atapendekera kumbali, pakuti chizolowezi sichitha tsiku limodzi.

M'mawa mwake ndinapeza netiweki pafupi ndi msika wa kumalire. Mesitiri anaseka nditamufotokozera, ndipo anatumiza paipi ina kudzera mwa dalaivala wa chapa. Inafika masana. Ndikuimanga, apongozi anaima pambali atanyamula sipanala yawo ya chigayo ija, imene inali yaikulu kwambiri moti sinakwane paliponse, koma anaigwirabe mpaka ndinamaliza. Anadzaza galimoto ndi mbatata ndi kabichi, n'kundiuza kuti ndikatsike bwino.

Nditafika kunyumba mkazi wanga sanakhulupirire. Anandifunsa katatu kuti amayi ake anakhaladi kutsogolo. Za chigayo ankakumbukira pang'ono chabe, ufa m'tsitsi la amayi ake ndi fungo la dizilo pa chitenje. Analira pang'ono, kenako anakwiya kuti chifukwa chiyani nkhani zimenezo anauza ine osati iye.

Mesitiri anachotsa paipi ya kukamwa kwa turubo, anagwedeza kachitsulo ka m'kati ndi zala ziwiri, n'kunena kuti kadakali kolimba. Anatsuka mapaipi onse, anasintha timalamba tiwiri, n'kundilangiza kuti ndizisintha oliyo pa nthawi yake. Galimoto ija inayendanso zaka zinayi. Inanyamula bambo anga kupita nawo ku Zobwe, kumene anaumba njerwa za khitchini ya apongozi ndi dothi lija, ndipo anabwerako akuyenda mowongoka kusiyana ndi mmene anapitira. Ntchito ya pakampani itatha, inandidyetsa ponyamula mbatata kuchokera kumapiri kudzagulitsa ku Moatize. Turubo inadzafa ndithu pamapeto pake, ndi utsi wotuwa ndi oliyo wochucha m'paipi, ndipo ndinaigulitsa kwa munthu wina wa ku Mithete amene ankafuna injini yokha.

Apongozi tsopano akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu, koma kudimba sanasiye. Ana awo anawagulira foni, ndipo nambala imene amaidziwa pamtima ndi yanga. Mwezi wathawu anaimba ndili pamsika. Pampu yothirira imene alimi a m'dera lawo amabwerekana inali ikuzima yokha, ndipo anyamata amene amaiyendetsa ankati yatha ntchito. Iwo ankati ndi sefa ya mafuta yatsekeka, koma palibe ankawamvera.

"Mubwere Loweruka ndi sefa yatsopano," anatero. "Mudzawauze ndinu. Mawu a nkhalamba yaikazi sawamva, koma a mwamuna wa ku Moatize awamva."

"Nanga ikakhala kuti si sefa, amayi?"

"Ndi sefa. Mubweretsenso nsomba, zija munabweretsa ulendo watha zinali zamchere wambiri."

Ndinapita ndi sefa ndi nsomba. Titasintha sefa, pampu inalira osazimanso.